Mwana amene ndinalemba kuti ndi wanga

Ndinalowa m'komiti yoteteza ana chifukwa cha dzanja langa. Ndimalemba zooneka bwino, ndipo kwathu kuno mbali ya Wimbe munthu wolemba zooneka bwino sapuma. Mlembi wa amayi ku tchalitchi ndi iwe, wa pa maliro ndi iwe, wa mjigo ndi iwe yemwe. Choncho a khonsolo atatumiza uthenga kuti midzi isankhe munthu wokaphunzira zosamalira ana ndi mabanja ovutika, anthu sanataye nthawi ndi kuvota. Anangotembenuka n'kundiyang'ana.

Inali nthawi ya makuponi. Amene sanaione nthawi imeneyo sangamvetse mmene dzina lolembedwa linkalemerera. Chaka chilichonse mvula isanagwe tinkasonkhana pa bwalo la sukulu kumvera mayina a olandira feteleza wotsika mtengo, ndipo amene dzina lake silinatuluke ankabwerera kwawo ngati akuchokera kumanda. Tinaphunzira msanga kuti munthu amene sali m'buku la mudzi ndiye kuti kulibe. Tinaphunziranso mokonzera zimenezo. Mlamu wako akakhala wosalembedwa, unkamulowetsa m'nyumba mwako papepala. Mayi wamasiye wobwera unkamulemba kuti ndi azakhali ako. Sitinkati ndi bodza ayi, tinkati ndi kuthandizana, ndipo wogwira cholembera ndinali ine.

Maphunziro a khonsolo anali a masiku atatu ku boma. Anatiphunzitsa mayi wina wa ku ofesi yosamalira anthu, wamfupi, wa mawu otsika, amene maso ake ankaonetsa kuti ndi wotopa kuposa tonsefe. Anati zinthu zisintha. Kale munthu ankapita yekha ku ofesi kukadandaula, ndipo wothandizidwa anali wodziwa kulira. Tsopano mwana aliyense wovutika akhala ndi fomu yake, mafomuwo azikasanjidwa, ndipo wovutikitsitsa ndiye aziyamba kufikiridwa. Dera lonse lathu mpaka ku Kapelula linali m'manja mwa mayi yekhayo, ndi njinga yamoto imodzi imene mafuta ake ankapezeka mwa apo ndi apo. Zakusanjazo ndinazimva, koma sindinaziike kumtima. Maganizo anga anali pa mbewu yanga ya mtedza imene ndinasiya ndisanamalize kusenda.

Kutsidya kwa dambo lathu kuli esiteti ya fodya wa bale. Matenanti ake ankabwera pa lole nthawi yofesa nazale, n'kuchoka pa lole yomweyo fodya akagulitsidwa. Ankagona m'tizisakasa ta udzu kumapeto kwa munda. M'buku lathu munalibe mayina awo, poti mafumu awo anali kutali kumwera. Tinkakumana nawo ku chigayo, kupatsana moni, basi.

Mwezi wa Febuluwale ndinamva amayi akuseka pa mjigo kuti ku esiteti kuli bambo wobereka mwana kumbuyo ngati mkazi. Nanenso ndinaseka, sindibisa. Kenako mmodzi ananena kuti mkazi wa bamboyo anamwalira atangochira kumene, ndipo kuseka kunathera pomwepo. Mawa lake ndinatenga fomu n'kuwoloka dambo.

Bamboyo ndinawapeza m'chigafa akusoka fodya. Anali munthu wowonda, wa msinkhu wa mchimwene wanga wamng'ono, manja ali bii ndi utomoni wa masamba. Mwana anali kumbuyo pa chitenje cha malemu, mfundo atamanga pakhosi penipeni moti ndinadabwa kuti akupuma bwanji. Ndisanalankhule za fomu ndinayamba ndawamasula n'kuwasonyeza mmene timamangira. Kanali kamtsikana, ka miyezi iwiri, kopepuka ngati mtolo wa fodya wouma.

"Akudya chiyani mwanayu, bambo?"

"Kaphala kamadzimadzi, mayi. Ndimasefa pa nsalu. Tsiku lina amalandira, tsiku lina amabweza."

"Nanga akuchikazi?"

"Ali kwathu ku Phalombe. Uthenga ndinatumiza. Akuti ndipite naye tikagulitsa. Ndikachoka pano fodya ali m'chigafa ndiye kuti chaka chonse ndalimira ena, ndikafika kwathu chimanjamanja ndi mwana."

Ndinawauza kuti a ku ofesi amatha kupeza mkaka wa m'chitini wa ana otere. Ndinaika fomu pabondo n'kuyamba kufunsa. Dzina la mwana ananena, ndinalemba. Nditafunsa mudzi, anatchula mudzi wa kwawo ku Phalombe, ndi mfumu yake yomwe, momveka bwino. Cholembera changa chinaima. Pansi pa fomu panali malo a chidindo cha mfumu ya m'dera lathu, ndipo ndinkadziwa kuti pepala lopanda chidindo silipita patali. Kapitawo wa pa esiteti chidindo analibe.

Ndiye dzanja langa linachita zimene linazolowera. Pa mudzi ndinalemba mudzi wanga. Pamene fomu inafunsa womulera mwana ndinaganiza kuti bambo wa ku Phalombe m'mudzi mwathu abweretsa mafunso, choncho ndinadzilemba ndekha, n'kuwonjezera kuti ndine mayi ake aang'ono. Panalinso funso la nyumba imene mwana akugona. Ndinalemba kuti ndi yanjerwa, yamalata, poti yanga ndi yotero ndipo sindinafune kuti bodza lichuluke. Amfumu anadinda ali pa njinga, phazi limodzi pansi. Anangofunsa kuti, "Winanso?" Ndinati winanso.

Ndinabwerera ku chigafa ndili wonyada. "Musadandaule, bambo, mwanayu ndamulowetsa. Mkaka ubwera." Anasiya singano, anagwada pa dothi mwana ali kumbuyo, n'kuomba m'manja. Mpaka lero ndikakumbukira kugwada kumeneko mtima umandiwawa.

Malichi anatha. Ndinkapitako ndikapeza mpata, ndi kaufa ka soya, tsiku lina kashuga. Koma mpata unali wosowa. Chimanga changa chinkafuna manja, amuna anga ankadwaladwala chifuwa, ndipo mafomu ena ankandidikira, a ana amasiye a m'midzi yathu yomwe. Ndinatumiza mawu ku boma kudzera mwa alangizi a zaumoyo, yankho linabwera lakuti fomu inafika. Kamodzi ndinakatenga kamwanako kupita nako ku sikelo. Sikanakwere. Anamwino anati ndikanene ku ofesi yosamalira anthu, ndinati ndinanena kale, tinangoyang'anana.

Bambo aja sankadandaula. Ankangofunsa funso limodzi, mwaulemu, nthawi iliyonse akandiona. "Mayi, kwabwera yankho?" Epulo ali mkati ndinayamba kuzungulira njira ya kumtunda popita ku chigayo, yotalika kawiri, ndi thumba pamutu, kuti ndisadutse pa esiteti. Ndinali nditatopa ndi funsolo, ndiponso ndinkachita manyazi. Ndinkadziuza kuti mbali yanga ndinachita, pepala lili ku boma.

Lole inawatenga mwezi wa Juni. Sindinawaone akunyamuka, ndinali pa maliro m'mudzi woyandikana nawo ndi kope langa pabondo. Amayi amene anaona anati bamboyo anakhala pamwamba pa katundu, mwana atamufungatira kutsogolo chifukwa cha mphepo. Ndinafunsa ngati kamwanako kankalira. Anati sanamve.

Patapita masabata awiri njinga yamoto inaima pakhomo panga. Anali mayi aja a ku ofesi, fumbi mpaka m'nsidze, zitini ziwiri za mkaka atamanga ndi lamba kumbuyo.

"Ndabwera kudzaona mwana wa achemwali anu. Pepani ndachedwa."

Ndinawapatsa mpando pakhonde n'kufotokoza zonse. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anatulutsa fomu ija m'chikwama, zolemba zanga zooneka bwinozo, n'kuiyala pa miyendo.

"Mayi, fomu iyi ndinaiwerenga kumayambiriro kwa Malichi. Ndinaona kuti mwana ali ndi mayi ake aang'ono, a m'komiti, m'nyumba yamalata. Ndinati uyu ali m'manja abwino, ndinaiika pansi. Pamwamba ndinaika ana opanda munthu. Mukanalemba kuti ali ndi bambo okha m'chigafa, ndikanabwera sabata yomweyo, ngakhale pa kabaza."

Sanakweze mawu, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipsetsa mtima. Ndinati, "Nanga ikanabwera yopanda chidindo? Simukanaibweza inu?"

Anayang'ana nkhuku zanga. "Mwina ndikanaibweza," anatero.

Tinakwezana pa njinga mpaka ku esiteti. Tizisakasa tija anali atatiotcha kale, panangotsala phulusa ndi mafuwa. Kapitawo ankangodziwa dzina loyamba la bamboyo ndi kuti ndi wa ku Phalombe, poti amene anawabweretsa chaka chimenecho anali munthu wina amene sanabwerenso. Mayi aja anatembenukira kwa ine.

"Akanakhala kuti mudzi ukudziwika, ndikanalembera anzanga a kumeneko akamuone. Sanakuuzeni mudzi wa kwawo?"

Bambo aja anandiuza. Anautchula momveka bwino, ndi mfumu yake yomwe, ine cholembera chili m'manja. Ndinaima pa phulusa paja n'kufufuza m'mutu mwanga, koma munalibe kanthu. Zitini zija anabwerera nazo, anati pali mwana wina mbali ya Kapelula.

Chaka chotsatira fomu inasintha. Anaikapo mzere wa ana a matenanti, wofunsa esiteti imene ali ndi mudzi wa kwawo, ndipo siginecha ya kapitawo inayamba kukwanira popanda chidindo. A ku ofesi anatiuzanso, mobwerezabwereza, kuti tizilemba zimene taona, ngakhale pepala lioneke losakwanira. Pa msonkhano wina ku boma ananena kuti nzeru imeneyi inachokera m'dera lathu, anthu anatiombera m'manja. Ine ndinayang'ana pansi. Kusinthako kunathandiza, sindikana. Ana angapo a m'zisakasa ndawaona akufikiridwa mwezi usanathe, pamene mafuta alipo. Chaka chomwecho ndinakana kugwira cholembera pa makuponi, ndipo anthu ena sanandilankhule mpaka kukolola.

Mayi aja anasamutsidwa, kunabwera ena, achinyamata, nawonso anatopa. Chaka chilichonse timaunikanso mabuku, ndipo chaka chilichonse pansi pa dzina langa pamatuluka kamtsikana kaja. Kuti fomu itsekedwe pamafunika kulemba chimodzi: mwana wakula, kapena wasamukira kwakutikwakuti, kapena wamwalira. Amandifunsa kuti alembe chiti. Ndimati aisiye. Ndinanama kamodzi pa pepala limenelo, sindingawonjezere.

Makuponi aja anatha, miyendo yanga nayo ikutha, koma lole ikabwera ndi matenanti atsopano ndimawolokabe dambo. Ndimafunsa ngati pali a ku Phalombe. Akapezeka, ndimawafunsa ngati akudziwa bambo wina amene mkazi wake anamwalira kuno, amene anabwerera kwawo ndi kamwana kamkazi. Amamvetsera mwaulemu, amafunsana okhaokha, kenako mmodzi amatembenuka.

"Phalombe ndi wamkulu, mayi. Mudzi wake ndi uti?"