Tolovae, Mnyamata Amene Anaphulitsa Diso la Dalaivala

Inu amene mukuganiza kuti munalakwa kwambiri moti palibenso chimene mungakonze, tamvani za Tolovae.

Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, Tolovae anagwada pa udzu patsogolo pa nyumba ya anthu amene anawalakwira, atafunda mkeka waulemu kumutu. Pambali pake anagwada azakhali ake, Mayi Fuatino, amene anamulera chimwalirireni amayi ake. Kwathu ku Samoa kupepesa kwa mlandu waukulu ndi kumeneko, timati ifoga. Umagwada, umafunda, n'kudikira kuti olakwiridwawo adzakuvundukule. Akapanda kufuna, umabwerera ndi mlandu wako.

Amalume ake, amene ndiye mkulu wa banja, anakana kubwera. Anati sangawotche msana wawo padzuwa chifukwa cha mwana wa mumsika.

Tolovae anali atasiya sukulu kalekale. Ankagulitsa tchipisi ta nthochi ndi mabatire pa depoti ya mabasi ku Apia, likulu la dziko lathu. Tsiku lina anyamata a sukulu ziwiri anayambana atachoka ku mpira wa ragibi. Iye analowerera mbali ya anzake, n'kutola mwala, n'kugenda basi imene adani awo anathawiramo. Galasi linasweka, chidutswa chinalowa m'diso la dalaivala, Bambo Pati. Kuchipatala anayesetsa, koma diso lamanzere linapita.

Tsiku la ifoga lija, pansi pa mkekawo panali ngati mu uvuni. Nyerere zinkamuluma m'maondo. Akazi a Bambo Pati anatuluka kudzawatukwana, n'kulowanso. Dzuwa litapendeka, mkeka unakokedwa. Tolovae anaona bambo wamkulu thupi ataima, bandeji ili kumaso.

"Ndavundukula chifukwa cha maondo a mayi awa," anatero Bambo Pati. "Iwe sindikukudziwa."

Kukhoti woweruza anamva kuti kupepesa kunalandiridwa. M'malo momutumiza kundende ya ana, anamupereka m'manja mwa komiti ya m'mudzi mwawo yosamala achinyamata olakwa. Munali abusa, akuluakulu ndi amayi a mpingo. Anamuuza kuti azigona kwa azakhali ake, asapondenso pa depoti, ndipo m'mawa uliwonse azipezeka ku shedi ya Bambo Auelua, mmisiri wokhoma mabasi a matabwa. Akaphwanya limodzi mwa malamulowa, abwerera kwa woweruza.

Tsiku loyamba kulowa mu shedimo, anapeza munthu amene sankamuyembekezera. Pakona, atagwira burashi ya penti, panakhala Bambo Pati. Ntchito yoyendetsa basi inali itawathera chifukwa cha diso, ndipo Bambo Auelua, pokhala msuweni wawo, anawatenga.

Tolovae anapempha komiti kuti imusamutsire kwina, kaya kumunda, kaya kokonza maboti. Anamuyankha kuti kuthawa nkhope ya munthu amene unamupweteka si kusintha.

Miyezi inapita Bambo Pati osamulankhula. Tolovae ankasesa utuchi, kunyamula matabwa, kuwongola misomali yakale. Masana amisiri akakhala pamodzi kudya talo wowotcha, chakudya chonga chilazi, ndi nsomba zam'chitini, iye ankadyera kuseri kwa shedi. Koma maso ake ankaona zonse. Ankaona Bambo Pati akuphonya chitini cha penti ndi burashi, akudzimenya chala ndi nyundo, akupunthwa pa thabwa limene linali kumanzere kwawo. Munthu amene anayendetsa basi zaka zambiri pa misewu yokhotakhota ya m'mapiri tsopano ankalephera kuthira madzi m'kapu osataya.

Tolovae anangoyamba kufika msanga n'kuchotsa chilichonse chimene chinali kumanzere kwa malo awo ogwirira ntchito. Ngati Bambo Pati anazindikira, sanaonetse.

Anzake akale sanamuiwale. Kolio, amene ankatsogolera gulu lawo, ankamudikira panjira.

"Aise, wasanduka kamwana ka abusa? Utuchi mpaka m'makutu! Tsiku lina adzakukhomera pa basi ngati mpando."

Tolovae ankangodutsa. Koma Lachisanu lina Kolio anabwera ndi nkhani yoti mng'ono wake wamenyedwa, ndipo anyamata onse akukumana pa depoti. Anamukumbutsa masiku amene Tolovae ankagona ndi njala, iye n'kumugawira chakudya. Mawu amenewo anamulasa. Anasiya sowo pa benchi n'kutsatira.

Atafika anapeza miyala ikuuluka kale. Pafupi naye panaima basi yodzaza. Amayi anali atawerama pansi pa mipando, ndipo dalaivala anali ataphimba nkhope ndi mkono. Tolovae anauma. Manja anakana kutola kanthu. Ali chiimire choncho, apolisi anafika n'kumukokera m'galimoto pamodzi ndi enawo.

Komiti inakumana m'nyumba ya misonkhano ya mpingo. Tolovae anakhala pansi pakati, mutu uli m'miyendo. Sanakane. Anavomera kuti anathawa pantchito ndipo anaponda pamalo oletsedwa. Abusa anati lamulo linali lomveka. Mkulu wina anawonjeza kuti fisi sasintha, ndipo ana ena a m'mudzi ayenera kuona kuti komiti si yosewera nayo. Mayi Fuatino ankangopukuta misozi ndi nsonga ya nsalu yawo.

Kenaka kumbuyo kunamveka kutsokomola. Anali Bambo Pati. Palibe anawaitana.

"Akuluakulu, mundikhululukire kulankhula pamalo panu. Mwana uyu sindimukonda. Ndikamuona mtima umandiwira. Koma diso langa linapita, silibwerera. Mukamutumiza kundende, akatuluka ali chigawenga chenicheni, ndipo ine ndidzakhala nditataya diso pachabe. Musiyeni. Ndikufuna ndione ndi diso latsalali kuti atuluka munthu."

 Komiti inakambirana nthawi yaitali, n'kugwirizana zokapempha woweruza kuti amupatse mwayi womaliza. Woweruza anavomera, koma anawonjezera nthawi yomuyang'anira.

Potuluka, Tolovae anathamangira Bambo Pati kuti awathokoze. Iwo anamudula.

"Usandithokoze. Mawa ubwere ndi manja, osati pakamwa."

Kuchokera pamenepo Tolovae anagwira ntchito ngati munthu amene wapatsidwa mpweya wachiwiri. Anaphunzira kupala thabwa mpaka lisalale ngati tsaya la khanda. Anaphunzira kupinda matabwa a denga, kulumikiza mipando kuti isalire basi ikagunda dzenje. Anawononga matabwa ambiri, ndipo Bambo Auelua sankamunyengerera. Kolio atabweranso, Tolovae anamuuza maso ndi maso kuti chakudya chimene anamugawira akuchikumbukira, koma sangachibweze ndi moyo wake. Ubwenzi unathera pomwepo, ndipo zinamuwawa.

Amayi a komiti anamulembetsa maphunziro a ukalipentala a Loweruka. Mayeso oyamba analephera, chifukwa masamu anamusiya kalekale. Anabwera ku shedi nkhope ili yakugwa, akunena kuti sukulu si yake. Bambo Pati anamuponyera tepi yoyezera n'kumuuza kuti kuyambira tsiku limenelo thabwa lililonse aziliyeza yekha ndi kuwerengera mokweza. Akalakwitsa, ankamuseka pamaso pa amisiri onse. Chaka chotsatira anakhoza.

Nthawi imene khoti linalamula itatha, palibe anamuuza kuti apitirize kubwera. Anabwerabe.

Patapita zaka, Bambo Auelua atayamba kudwala msana, anamusiyira basi yonse kuti aikhome yekha. Tsiku limene inatuluka mu shedi, yopakidwa yobiriwira ndi yachikasu, anthu a m'mudzi anasonkhana kudzaonerera. Mayi Fuatino anakhala pa mpando wakutsogolo atavala maluwa m'khutu. Ngakhale amalume aja anabwera, n'kumauza aliyense kuti mwanayo ndi magazi awo.

Bambo Pati analowa m'basimo pang'onopang'ono, akugwedeza mpando uliwonse, akusisita denga ndi chikhatho. Atatsika anaima pamaso pa Tolovae.

"Mpando wakumbuyo wapendekeka," anatero. "Koma ana anga akhoza kukwera."

Tolovae anatembenuka n'kuyang'ana kukhoma kuti amisiri anzake asaone nkhope yake.

Lero shedi ija akuyendetsa ndi iyeyo. Komiti ikalandira mnyamata kapena mtsikana kuchokera kukhoti, khomo loyamba kugogoda ndi lake. Ena amakhazikika. Ena amathawa, iye n'kuwatsatira mpaka kwawo. Amawauza zoona, kuti zimene anawononga mwina sizidzabwerera, koma zimene angamange zikadali m'manja mwawo.

Inu amene mwagwa, mverani. Kulakwa kwanu n'kwenikweni, ndipo pali amene akuvutika nako. Musakuthawe. Pitani mukayang'ane nkhope imene mukuiopa, mugwire ntchito imene mwapatsidwa, ndipo mukapunthwanso, dzukani anthu akuona. Nanunso makolo, abusa ndi akuluakulu, mwana wolakwa musafulumire kumutsekera kunja. Winawake ayenera kuima n'kunena kuti musiyeni ayesenso.

Mtima wanu usafooke. Mawa m'mawa dzukani, mupite ndi manja anu.