Dzina lomaliza la a Wrenlow

Kunyumba yosamalirako okalamba ku Woolwich, kuno kwa Angerezi, kumene ndimagwira ntchito, nkhalamba zimaitanidwa ndi mayina oyamba ngati ana asukulu. "Arthur, imwa tiyi!" Munthu wa imvi mutu wonse! Ine lilime limakana.

Lachiwiri lapitali, bambo wina wokalamba anandisunthira ndodo yawo kuti ndidutse ndi thireyi. Ndinathokoza monga timachitira kwathu ku Dedza, kumtchula munthu mfunda wake: "Zikomo, a Wrenlow."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, misozi ili lengelenge. Akuti chipumireni pantchito kudoko, palibe anawatchulapo dzinalo.

"Khala pansi, mwanawe," anatero. "Wren ndi kambalame kakang'ono kwambiri."

Ine mumtima: ngati timba.

"Low, m'Chingerezi chakalekale, ndi kaphiri. Makolo anga ankakhala pakaphiri ka timbalame timeneti, kumpoto uko. Lero padutsa msewu waukulu. Mwana ndilibe, mlongo wanga anakwatiwira dzina lina. Ndikapita ine, dzinali mudzaliika m'bokosi limodzi nane."

Ndinawamvera chisoni, ndithu. M'basi pobwerera ndinkadzitamanso: ife mfunda sungathe chonchi, a Mbewe, a Chisale tilipo ngati mchenga.

Nditafika kunyumba, mwana wanga wamkazi, wobadwira konkuno, anandipatsa madzi akumwa. Ndinamuthokoza ndi mfunda wa bambo ake: "Zikomo, Nachisale."

Anacheuka kumbuyo kuti aone amene ndikulankhula naye.

"Mum, who's that?"



Abale anga ochokera kwathu amene muli ku Edmonton ndi ku Greenwich, kodi munamva liti munthu akukutchulani mfunda? Kuntchito ndine "Sister", m'basi ndine "love". Ndalisowa liwu la amayi anga likuchokera kudimba: "Nambewe, bwera kuno!" Ndalisowa koopsa. Dzina limenelo likatchulidwa, umadziwa kuti kumbuyo kwako kuli anthu.

Paja chakomakoma pusi anagwa chagada. Tinakomedwa ndi Chingerezi cha ana athu mpaka kuiwala kuwauza kuti iwo ndi ayani.

A Wrenlow dzina likuwathera chifukwa alibe mwana, koma aliteteza mpaka pakhomo pa manda, tanthauzo lake ali nalo pamtima. Nanga ife, amene ana tili nawo m'nyumba momwemu, tikadzafunsidwa kumene mfunda unathera, tidzaloza yani?