Agogo a Yuzefu Anatikhazika Pansi

Tsiku limenelo ndinkayanika makaka pathanthwe kuseri kwa nyumba. Ndinali ndisanathe msinkhu. Mudzi wathu unali ku Mozambique, kum'mawa kwa nyanja ya Chilwa. Mfuti yoyamba italira ndinkayesa nsungwi yaphulika pamoto. Yachiwiri inabalalitsa nkhuku.

Agogo anga, bambo awo a mayi, anali mzungu wa ku Poland. Dzina lawo anali a Yuzefu. Anagwirapo ntchito yokonza makina kuminda ya tiyi, kenako anakwatira Mlomwe n'kukhala pachikamwini ngati mwamuna wina aliyense. Akazi awo atamwalira, iwo sanachoke. Chinyanja chawo chinali chopindika, ndipo mphuno yawo inkasupuka chilimwe chilichonse.

Ine ndinali mwana wa mafunso. Ndinkawafunsa ngati kwawo kuli mbuzi, ngati amadya ngumbi, ndiponso chifukwa chimene sankabwererako. Ankati mudzi wawo unali m'nkhalango ya paini, mmene ankazula bowa. Ankati mudziwo sunasunthepo, koma unkangosintha dziko. Bambo awo anabadwira pansi pa mfumu ina, iwo pansi pa boma lina, ndipo asilikali a mbali zonse ankadutsa pomwepo n'kulanda mahatchi. Kenako anabwera ena amene anakweza mabanja onse m'sitima ya ng'ombe kupita nawo kudziko lachisanu. Mayi awo anafera kumeneko. Ine ndinkati akukokomeza. Mudzi ungasinthe bwanji dziko usanasamuke?

Anali ndi mwambo umodzi umene tonse tinkawaseka nawo. Ulendo uliwonse, ngakhale wa kuchigayo, ankafuna kuti tiyambe takhala pansi, chete, kenako tidzuke. Ankati kwawo amatero.

Mfuti zitachuluka, mayi anamanga ufa ndi mphika m'chitenje, n'kubereka mng'ono wanga Lusiya. Bambo anali kale ku Zomba, kuganyu. Mudzi wonse unkathamangira njira ya kumlatho. Agogo anatuluka atavala nsapato, m'manja muli kathumba ka mchere basi. Anakhala pakhonde.

"Khalani pansi," anatero.

"Bambo, mutu wanu uli bwino? Anthu akutha uku!" anakuwa mayi.

"Khala, mwana wanga. Pang'ono pokha."

Tinakhala. Titakhala chete choncho tinamva zimene othamanga sanamve. Mfuti sizinkalira kuseri kwa mudzi kokha. Zina zinkalira kumlatho, komwe aliyense ankalowera. Agogo analoza njira ya kumunda ndi chibwano. Ambiri mwa amene anapita kumlatho sitinawaonenso.

Vuto linali khungu la agogo. Mzungu amaonekera patali, ndipo zinkamveka kuti anthu a mfuti akapeza mzungu amamutenga. Mayi anapala mwaye kunsi kwa mphika, anawapaka kumaso ndi m'manja, n'kuwamanga duku. Ine ndinaseka, mayi n'kunditsina. Maso okha ndi amene anakana kuda.

Tinkayenda m'tchire, kupewa njira. Tinkadya makaka osaphika chifukwa utsi ukanatiulula. Mapazi a agogo anatupa mpaka anang'amba nsapato kutsogolo kuti zala zipume. Mabanja ena ankatipeza n'kutipitirira. Mayi wina anauza mayi anga kuti nkhalambayo itiphetsa, aisiye pamthunzi. Mayi anga anangotenga dzanja la agogo n'kuliika paphewa langa.

Kuyambira pamenepo ndinali ndodo yawo. Ndinkaopa kwambiri kuti agwa, koma mafunso sanandithere. Ndinawafunsa ngati kuthawa kumeneku kukufanana ndi koyamba kuja.

"Kuno kuli bwino," anatero. "Kulibe chisanu. Ndiponso ndili ndi anthu anga."

Tinafika kunyanja m'mawa wina, pakati pa mabango. Msodzi wina anavomera kutiwolotsa titamupatsa mchere uja. Kutsidya kunkaoneka phiri lalitali, lathyathyathya pamwamba. Agogo anafunsa dzina lake. Msodziyo anati ndi Zomba, ndipo pamwamba pake anadzalapo paini wambiri.

"Paini?" anafunsa agogo. Msodzi atavomera, anafunsanso kachiwiri.

Bwato litakonzeka, agogo anakhala pamtolo wathu, nkhope italoza kuphiri. Nthawi imeneyi palibe anaseka. Mayi anakhala osauzidwa. Ine ndinakhala pambali pa agogo, ndipo msodzi, poona tonse tili pansi, nayenso ananjuta. M'mabango munkalira mbalame.

Mayi anadzuka. Ine ndinadzuka. Agogo sanadzuke.

Poyamba ndinkayesa akungotalikitsa mwambo wawo. Mayi anaitana, "Bambo." Anaitananso. Kenako anamasula Lusiya kumsana n'kundipatsa.

Asodzi anathandiza kukumba pachulu chouma. Asanawaike, mayi ananyowetsa duku lija m'nyanja n'kuwapukuta mwaye wonse, mpaka kuseri kwa makutu. Anati agogo sangapite kwa mayi awo, amene anafera kuchisanu aja, ndi nkhope yoti sakaizindikira.

Tinawoloka atatu. Msodzi ankakankha bwato ndi nsungwi yaitali chifukwa madzi anali osaya. Tinatsikira ku Kachulu, ndipo patapita masiku tinawapeza bambo ku Matawale, m'kachipinda kalendi. Ndimakhala konkuno mpaka lero.

Ulendo woyamba kukwera phiri ndinapita ndi amayi anzathu kukatola nkhuni. Nditalowa m'paini ndinaima. Pansi panali pofewa, fungo lake ngati la mankhwala a chifuwa. Pansi pa mtengo wina panali bowa. Anzanga ankandiitana, ine ndili chiimire, kudzifunsa ngati kwawo kunkanunkhira chomwechi.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi anafufuza dzina la mudzi wa agogo pafoni. Tinavutika ndi kalembedwe, koma tinaupeza. Ulipo, nkhalango yakenso ilipo. Koma lero suli ku Poland, uli m'dziko lina. Nkhalamba ija sinkakokomeza.

Ana anga amandiseka monga mmene ine ndinkasekera. Ngakhale tikungokwera minibasi ya ku Songani, ndimati tiyambe takhala pansi. Amadandaula kuti tichedwa, koma amakhala. Iwo amangodikira kuti ndinene kuti tiyeni. Ine ndimayang'ana ngati tadzuka tonse.