Kalata ya michira imene tinatumiza ku Chikweo

Kulemba sindidziwa mpaka lero, koma kalata ya ukwati wanga nditha kuijambula pansi ndi chala, mchira uliwonse.

Nthawi imeneyo tinkakhala kwa Kalembo, nkhondo ya azungu itangotha. Mwamuna wondifunsira anali atavomerezedwa kale, ndipo ku mishoni anati alengeza ukwati wathu masabata atatu. Koma ansembe ananenetsa kuti popanda nkhoswe ya kuchikazi sadalitsa. Nkhoswe yanga sakanakhala wina koma amjomba, achimwene awo a amayi, amene ankalima thonje ku Chikweo. Iwowo anali Msilamu, ndipo chibatizidwire amayi, awiriwa sanalankhulanenso.

Mwambo unali wotuma munthu wamkulu ndi nkhuku, akakhale pamphasa, akanene ndi pakamwa. Amayi anaopa. Anati mthenga akakanidwa amabwera kudzasimba mudzi wonse, bola pepala silibwerera. Ndiye tinapita kwa aphunzitsi a pa mishoni paja.

Aphunzitsiwo anali ndi dzanja. Makalata wamba ankangothamangitsa, koma ya ukwati ankayamba asamba m'manja, n'kuika nibu yatsopano pa cholembera, kuviika mu inki, kugwedeza kadontho. Chilembo choyamba chokha chinawatengera nthawi yopita kudambo n'kubwerako. Chinakwera, chinapinda, chinatsika ndi mchira wopotana ngati maungu akamayanga pampanda. Pena mzere wonenepa, pena woonda ngati tsitsi. Amayi anafunsa ngati michirayo nayonso imalankhula. Aphunzitsi anati iyayi, ndi zovala chabe, mawu a ukwati sangapite kwa eni ake osavala.

Kalatayo tinapatsira wogulitsa nsomba wina wa njinga amene ankadzera konko. Sabata loyamba analengeza, zii. Sabata lachiwiri analengeza, zii. Kuchitsime azakhali a mwamuna wondifunsira uja anayamba kufunsana mokweza ngati mtsikanayu ali nako kwawo. Sabata lachitatu likadutsa popanda nkhoswe, ukwati unali utafera pomwepo, anthu onse akumva.

Lolemba m'mawa tinanyamuka ndi amayi. Tinaoloka Shire pa Liwonde, tinagona kawiri m'njira, ndipo ulendo wonsewo amayi ankangoyeserera chamumtima mawu opepesera.

Tinawapeza amjomba pakhonde akusoka matumba a thonje. Atatizindikira anataya singano, analonjera m'Chiyao, analonjeranso m'Chichewa, nauza akazi awo agwire tambala. Amayi anasokonezeka, mawu onse aja anathawa. Anangofunsa chifukwa chimene sanayankhire.

"Kuyankha chiyani, chemwali?"

Anatilowetsa m'nyumba. Kalata ija inali pakhoma, pamwamba pa khomo, yokhomedwa ndi minga inayi, ataiphimba kansalu koyera kuti ntchentche zisaidetse. Amjomba ankawerenga zilembo za Chiarabu zokha, ndipo kwa iwo pepala lolembedwa mokongola chotero silinali la nkhani, linali losunga m'nyumba mwaulemu. Wa nsomba uja anangoti izi zachokera kwa alongo anu, n'kupalasa njinga. Iwo anayesa ndi mphatso yothetsera mkangano. Anati ankadikira agulitse thonje kuti abwere okha ndi nsalu kudzathokoza.

Atatero anatitulutsa kukationetsa matumba. Lililonse linali ndi chilembo choyamba chija, chojambulidwa ndi makala osakaniza mafuta a nsatsi, mchira ndi mchira, kuti pamsika wa thonje asasokonezeke ndi a anthu ena.

Amayi anakhala pansi pafumbi pomwepo, kuseka mpaka misozi. Ine ndinamva ngati nditula mtsuko umene ndinausenza kuchokera kwa Kalembo. Atauzidwa zimene michirayo inabisa, amjomba anagwira pakamwa, n'kundiyang'ana ine.

"Mwana wa mlongo wanga akwatiwe ine ndili pano ndikusoka matumba? Mukanangotuma nkhuku, chemwali. Nkhuku ndikanaimva."

M'mawa mwake tinauyamba wobwerera, atatu, iwo patsogolo atamanga thumba la mpunga panjinga yokankha. Tinafika Loweruka miyendo itatupa. Lamulungu, polengeza kachitatu, amjomba anakhala pa benchi yakumbuyo atavala mkanjo woyera ndi kofiya, ndipo ansembe atafunsa za nkhoswe anaimirira pang'onopang'ono kuti azakhali aja awaone bwino.

Aphunzitsi anaona thumba la mpunga lija, nalonso lili ndi chilembo chija, anapendeketsa mutu, nati chilembo chawo chaima chadodolido. Amjomba anati kwa iwo chaima bwinobwino, ndipo ogula thonje anachizolowera kale. Kalatayo anakana kutibwezera. Inakhala pakhoma paja mpaka ine nditabereka ana atatu, ndipo ndikapita kukawaonetsa mwana, ankayamba avundukula kansalu kaja kuti naye aione.