Tsamba lomaliza la a Mawondo

Tsiku loyamba kuwaona, mayi wosoka zovala uja anaganiza kuti bambowo agwa. Anali atagwada m'sitolo ya mabuku yoyandikana ndi kachipinda kake kosokeramo, jekete litakwinyikira kumsana, mutu uli pa shelefu yapansi. Mayiyo anangoima pakhomo ndi sizasi m'manja. Chimwalirireni mwamuna wake, kuyamba kulankhula ndi munthu wachilendo kunkamulemera.

"Sanagwe," anatero mwini sitolo. "Ndi a Mawondo amenewo, olemba mabuku a ana. Akuti akufuna aone zimene mwana wa zaka zitatu amaona akalowa muno."

"Fumbi ndi miyendo ya tebulo basi," anayankha bambowo osatembenuka. "Buku langa mwaliika kumwamba ngati mankhwala a makoswe."

Patapita masiku anabwera kwa iye ndi zidutswa za nsalu. Ankafuna buku losoka, la ana amene amawerenga ndi mano. Kuyambira pamenepo ankakhala pa mpando wa makasitomala, makina akulira, iwo n'kumalankhula. Mayiyo ankangomvetsera, mapini ali kukamwa.

Msinkhu uliwonse, iwo amati, uli ndi muyeso wake ngati malaya. Wa zaka ziwiri umupatse liwu limodzi pa tsamba: mpira, kapu, galu. Wa zinayi chiganizo chachifupi, ndipo uchibwereze mpaka azikulanda pakamwa. Wa zisanu ndi ziwiri amafuna wina alakwitse m'nkhanimo, bola asakhale iyeyo. Wa khumi ndi ziwiri ukangoyamba kumulangiza, bukulo amaphera ntchentche. Chiganizo chilichonse ankachiwerenga mokweza. Mpweya ukawathera chisanathe, ankachidula.

Tsiku lina anabwera ndi kamtsikana ka zaka zinayi, mdzukulu wawo. Kamwanako sikanalowe. Kanakhala pakhomo kuyang'ana kumsewu.

"Amayi ake anamwalira kuchipatala," anatero motsitsa mawu. "Mwana wanga woyamba. Ndiye mayi ake aang'ono anakauza kuti amayi apita. Kunyumba kamatenga masilipasi a mayi ake n'kuwaika pakhomo, kuti akabwera asaponde pozizira."

"Anafuna kukachitira chisoni," anatero mayiyo.

"Kwa wamkulu, *apita* ndi ulemu. Kwa mwana, wopita amabwerako. Ine ndikapita kumsika sindibwera kodi?"

"Bwanji munene kuti agona?"

"Kuti aziopa bedi?"

"Atisiya."

"Adzafunsa kuti iye walakwa chiyani. Ndipo musanene kuti tawataya, amayi, ayamba kuwafufuza kuseri kwa kabati."

Mayiyo anaimitsa makina. "Nanga kungonena kuti amwalira?"

"Ndinanena. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti akamaliza kumwalirako abwera ndi basi yanji. Liwulo ndi loona, koma kwa iye ndi chitini chopanda kanthu. Ndiyenera kuikamo kanthu."

Anagwirizana zosoka buku. A Mawondo anabweretsa diresi la malemu, la maluwa achikasu, ndipo mayiyo ankadulako pang'onopang'ono kuvekera kachithunzi ka pa tsamba lililonse. *Amayi akuseka. Amayi akuimba. Amayi akudwala.* Zilembo ankazisoka ndi ulusi wakuda. Tsamba lomaliza linatsala loyera. Bambowo ankabwera ndi chiganizo m'mawa, pofika masana achikana okha. China chinali cha mwana wa zaka khumi, china chinali bodza.

Kenako mawu anayamba kuwathawa. Sizasi inasanduka ujeni, ulusi ujeni. Poyamba ankaseka. "Wosula zikwanje wasowa mpeni," ankatero. Koma tsiku lina mwini sitolo anasuzumira m'kachipindamo n'kunena kuti a Mawondo agwa, ndipo ulendo uno agwadi. Mbali imodzi ya thupi inali itafa.

Mayiyo anadziumiriza kupita kunyumba kwawo, buku lili m'chikwama. M'chipindamo munali shelefu ya mabuku awo, a ana akuluakulu pamwamba, a makanda pansi. Mayi aang'ono a kamtsikana aja anati adokotala alangiza kuti bambowo aziwerenga. Anayamba ndi apamwamba, koma ziganizo zinawakanika. Sabata iliyonse ankatsika shelefu imodzi. Pamapeto pake mayi wosokayo ankawagwirira buku lansalu loyamba lija, iwo n'kumalimbana nalo: mpira, kapu. Pa galu ankaima nthawi yaitali.

Mayiyo ankati akamatuluka, kamtsikana kali pakhomo ndi masilipasi aja. Kangapo anaima pambali pake, n'kutsegula pakamwa. Koma akanati chiyani, mwana wa eni? Iyenso mpaka pano belu la njinga likalira kunja, mutu umatembenuka wokha, chonsecho mwamuna wake anamuika m'manda akuona ndi maso ake. Ankangokakonza kolala ya diresi n'kumapita.

Ulendo womaliza anawapeza masana, atatsamira pilo, chitseko chili pululu kuti mphepo izilowa. Kuchokera pabedipo kamsana ka mwanayo kankaoneka bwinobwino. Mayiyo anatsegula buku la maluwa achikasu pa tsamba loyera lija, n'kutulutsa singano yomwe anali ataikamo kale ulusi.

"Ndisokepo chiyani, abambo? Ngakhale liwu limodzi."

Dzanja lawo lamoyo linasisita nsaluyo. Milomo inayenda, koma kunangotuluka mpweya. Mayiyo anadikira, singano ili m'mwamba, mpaka mkono unatopa. A Mawondo anamwalira sabata isanathe, tsambalo likadali loyera, ndipo bukulo lili m'dirowa ya makina mpaka lero. Koma masana amenewo, mayiyo atayamba kulongedza, bambowo anamukoka mkono wa bulauzi, maso ali kukhomo, ndipo mawu anatuluka limodzilimodzi ngati a pa shelefu yapansi.

"Ine... musadzamuuze kuti ndapita. Adzatidikira awiri."