Maliro amene mayi Rozalina sangalire

Lachiwiri lapitali loko wa kabati ya mabuku kusukulu kwathu anakana kutseguka. Ndinamuzula n'kupita naye ku ofisina, shopu yokonzera maloko ya a Zakariya, kuseri kwa msika wa Tsangano. Inu a kuno mukuwadziwa a Zakariya. Panalibe loko amene ankawakanika.

Eni akewo kulibe. Dzinja lino ndi lachiwiri chichokereni pa koluna, mdipiti wa magalimoto woperekezedwa ndi asilikali, ulendo wa ku Tete kukagula zitsulo zosemera makiyi. Magalimoto anawomberedwa panjira. Ena anafera pomwepo, ena anatengedwa kupita nawo kutchire, koma mtembo wa a Zakariya sunapezeke. Kuyambira pamenepo, amene amagwira tupa pa ofisinapo ndi akazi awo, mayi Rozalina.

Atamaliza kukonza lokoyo anatulutsa pepala m'chitini.

"Aphunzitsi, inu mumamva Chipwitikizi. Tandiwerengerani ili, pang'onopang'ono."

Inali purokurasau, kalata imene munthu amapatsira mnzake mphamvu zomuyendetsera zinthu iye kulibe. A Zakariya anailembetsa asananyamuke, podziwa mmene misewu ilili masiku ano. Ndi kalata imeneyi mayiwa amasainira ziphaso za ofisina. Ndi yomweyinso anabwezera alamu awo, amene anabwera ndi ngolo kudzatenga zipangizo kuti akagulitse ku Malawi.

Ndinawerenga mpaka pa chidindo. Anangogwedeza mutu.

"Nanga mwini wake akamwalira, pepalali limatani?"

"Mwamva chiyani, mayi?"

"Lamulungu kunabwera bambo wina wa ku Chidzolomondo amene wathawa kuchokera kutchire kuja. Akuti ankasenza katundu limodzi ndi bambo a ana angawa. Akuti iwo anadwala m'mimba n'kumwalira, ndipo iye anawakwirira yekha, ndi khasu lobwereka. Wandisiyira lamba wawo."

Ndinafuna kunama, sindikubisirani. Koma ndinawauza zoona: mphamvu ya kalatayo imatha tsiku limene woilembetsa wamwalira. Zikatero ofisina imasanduka chuma cha masiye, ndipo alamu aja amakhala ndi pakamwa.

Kenako anapinda pepala lija bwinobwino.

"Ndiye kuti ali moyo," anatero. "Ana anayi amadyera pa tebulo ili. Bambo wawo ali moyo mpaka wamng'onoyu adzakule."

"Nanga maliro?"

"Ndalira kale, kumunda wa mbatatesi. Kumeneko kulibe wondimva."

Abale anga owerenga, kodi mayi ameneyu timutchule chiyani? Wamasiye ayi, poti sanamete, sanavale zakuda, ndipo kutchalitchi dzina la mwamuna wake likuwerengedwabe pamodzi ndi amene tikuwapempherera kuti abwerere. Wapabanjanso ayi. Ana ake akamva kulira kwa galimoto amathamangirabe kumsewu, iye n'kumawayang'ana akudziwa.

Ndipo sali yekha. Yendani kuchokera kuno mpaka ku Furancungo, ngati mungapeze njira. Mudzapeza amayi amene akusunga imfa m'nyumba mwakachetechete, wina poopa kulandidwa munda, wina ng'ombe, wina poopa kufunsidwa kuti nkhaniyo wamva kwa yani ndipo munthuyo ankatani kutchire. Kale kuno imfa inali ya mudzi wonse. Munthu akamwalira tinkasiya makasu, n'kukakhala ndi ofedwa mpaka tsiku lometa. Lero ofedwa akubisa chisoni ngati chinthu chakuba.

Nkhondo ndiyo inapha a Zakariya, zimenezo palibe akukana. Koma amene akuletsa mkazi wawo kulira si anthu a mfuti. Ndi ife. Ndi mlamu wodikira ndi ngolo, ndi achibale amene adzakhale pa bwalo n'kunena kuti mkazi sangasunge zitsulo za mwamuna, pamene makiyi a m'matumba mwawo anasema ndi mkazi yemweyo. Lamulo la papepala linalembedwera nthawi ya mtendere, pamene wakufa amakhala ndi manda odziwika. Nanga mitima yathuyi inalembedwera nthawi iti?

Mayina m'nkhani ino ndasintha, ngakhale ndikudziwa kuti ena muwazindikira. Mwina alamu ajanso wina awawerengera. Ngati mukumva, bambo inu, mchimwene wanu anagona kutchire popanda ngakhale nyimbo imodzi. Kodi zitsulo zija n'zamtengo wotani kuti ana ake asadziwe kuti bambo wawo anapita?