Tepi Sinama

Pakhonde la sitolo ya zitsulo pali mayi wina amene wakhala akupalasa makina osokera kwa zaka makumi awiri. Anthu amangowatchula kuti a Telala. Sadziwa kubisa mawu. Kasitomala akadzichepetsa m'chiuno, iwo amamukulunga tepi n'kumuuza anthu akumva kuti, "Inu mukhoza kunama, koma tepi sinama."

Mwana wawo wotsiriza, mtsikana, ali ndi zaka zisanu ndi zitatu anadwala zilonda zapakhosi. Anamupatsa madzi amchere kuti azichukucha, zilonda n'kutha zokha. Patapita masabata atatu bondo linatupa, mawa lake ululu n'kusamukira m'chigongono. Dokotala anati ndi nyamakazi yobwera ndi zilonda zija, ndipo ikamabwerezabwereza imawononga mtima. Mwanayo azibayidwa jakisoni mwezi uliwonse mpaka atakula.

Mlamu wawo, mlongo wa amuna awo, anaseka mpaka kugwira nthiti. "Nyamakazi kamwana aka? Nanga nkhalambafe tidwale chiyani?"

Jakisoniyo ndi wowawa, tisanamizane. Mwana ankatsimphina masiku awiri, ndipo tsiku likayandikira ankabisala kuseri kwa mulu wa nsalu. A Telala anapirira miyezi isanu ndi iwiri. Wachisanu ndi chitatu unakumana ndi kutsegulira kwa sukulu, mayunifolomu ali mbwee pabenchi. Bambo a mwanayo anati, "Munthu akudumpha chingwe uyu, mukumuzunziranji?" Palibe amene anawagwira mwendo a Telala. Anangoti tidzapita mwezi wamawa, khadi lachipatala n'kulowa m'kabati ya makina, pansi pa mabatani. Mwezi wamawawo unatha zaka zitatu.

Kenako diresi la mwana linayamba kuthina pamimba. A Telala anaphwasula msoko n'kulikuza. Litathinanso anaikamo tinsalu m'mbali. Nsapato zinakana kulowa. Makasitomala ankati, "Koma ndiye wanenepa bwanji! Mukumudyetsa chiyani?" Iwo ankangomwetulira monyadira.

Chowawa n'chakuti tepi inawauza. Mimba inkakula, mikono ikuonderaondera. Munthu wonenepa saonda mikono, telala aliyense amadziwa zimenezi. Anaona, n'kuikoleka tepiyo m'khosi. Ankamuonanso mwanayo akupumira kawiri panjira yochokera kusukulu, n'kumati ndi ulesi wa kwa bambo ake.

Tsiku lina masana mwanayo analephera kukwera masitepe atatu a pakhonde paja. Anakhala pansi ali wefuwefu. "Amayi, dikirani, mtima ukuthamanga."

Kuchipatala, dokotala anayendetsa kachipangizo pachifuwa cha mwanayo nthawi yaitali. Anati kachitseko kena ka mumtima sikakutsekekanso bwino, magazi akubwerera m'mbuyo, ndipo chomwe chadzaza m'mimba ndi m'mapazi ndi madzi.

"Sikangasokedwe, adokotala?" anafunsa a Telala.

"Opaleshoni ilipo, mayi, koma ndi kutali ndipo mzere wake ndi wautali. Khadi lija lili kuti?"

Analipereka lili ndi dzimbiri la mapini. Mizere isanu ndi iwiri inali yolembedwa, kwinako kuli mbee. Dokotala sanawakalipire. Bola akanawatukwana, iwo akanapeza womukwiyira. Anatuluka atadzikwiyira okha, ndipo mkwiyo umenewo sunawachoke.

Masiku ano tsiku la jakisoni makina amafunditsidwa nsalu, kaya mkwatibwi akudikira diresi. M'mawa uliwonse amamuyeza mwanayo pamimba asanayeze wina aliyense. Akaona mwana wa kasitomala akumeza malovu movutika amaimitsa makina. "Pakhosi apo pitani napo kuchipatala lero, osati mawa." Ena amanyinyirika kuti telalayu wayamba udokotala, n'kukasoketsa kwina. Apite.

Mapilisi ochotsa madzi amene dokotala anapereka anagwira ntchito yake. Mimba inaphwa, mwana n'kuoneka mmene alilidi, mafupa okhaokha. A Telala ali pamakina kuchotsa tinsalu tija m'diresi, mlamu uja anatulukira, n'kugwira pakamwa.

"Mlamu, mwamutani mwanayu? Mankhwala anuwa akumumaliza. Si uja anali atanenepa bwinobwino? Musiyitseni, abwerere m'thupi mwake."

A Telala sanadzutse mutu. Anadula ulusi ndi mano.

"Kunenepa kuja ndinakusokera diresi kawiri ndi manja angawa, mlamu. Kachitatu ayi."